Pulawo yotchipa si yoipa, koma ikathyoka mu Novembala mudzalowera kuti?

Mwezi wa Ogasiti chaka cha dzana, ndili kalikiliki kukonzekera mayeso, amalume anga a ku Mchinji ananditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Zinali za pulawo ya thirakitala ya madisiki atatu, yopakidwa penti wofiira wonyezimira, itaimikidwa pakhonde la sitolo ina mumzinda wa Lilongwe. Pambuyo pa zithunzizo panabwera mawu akuti: "Mphwanga, iwe amene ukuphunzira zaulimi kumeneko, tayiyang'ana iyi. Mtengo wake ndi theka la ija tinaona kwa ogulitsa mathirakitala. Tigule?"

Ndinayankha msangamsanga ngati munthu wodziwa zinthu. Ndinati, "Amalume, musayerekeze. Zotchipa zimadula." Iwo anaseka, nkundifunsa ngati ndalama yogulira yodulayo ndinali nayo ineyo. Ndinalibe. Kalabu yawo, ya alimi a mtedza ndi soya, inali itangomaliza kulipira thirakitala yakale ya Massey Ferguson imene inagula kwa mlimi wina wafodya amene anasiya ulimi, ndipo m'thumba munatsala zochepa. Anagula pulawo yofiirayo pamodzi ndi rija, chija chopangira mizere, m'sitolo yomweyo.

Papita nyengo ziwiri zaulimi tsopano, ndipo ndikuona kuti tonse awiri tinaphonya. Ine ndinaweruza chitsulo poona mtengo wake basi. Amalume nawo anaona mtengo womwewo nkusangalala. Palibe anafunsa funso limene ndikukhulupirira kuti ndilo lenileni: chipangizochi chikathyoka mkati mwa Novembala, mvula yodzalira itagwa, ndani adzachikonze, ndi chitsulo chochokera kuti, ndipo padzatenga masiku angati? Yankho la funso limeneli ndi losiyana pa chipangizo chilichonse, nchifukwa chake sindingavomereze munthu wonena kuti zonse zotchipa nzachabe, kapena wonena kuti chitsulo ndi chitsulo basi.

Zimene zinachitika ndi izi. Mu Okutobala pulawo ija inalima, ngakhale m'minda ya katondo wouma inkangoyenda pamwamba, kumadumphadumpha ngati ikuopa dothi. Woyendetsa thirakitala anamangirira matumba awiri amchenga pamwamba pake kuti ilemere, ndipo inayamba kulowa. Mvula itagwa pakati pa Novembala, alimi onse akufuna thirakitala tsiku limodzi, bering'i ya disiki yapakati inaphwanyika. Atamasula anapeza kuti pa bering'iyo panalibe nambala iliyonse, ndipo m'kati munalibe girizi wokwanira kuchokera kufakitale komwe. Ku sitolo kuja anati masipeya ali m'njira, afika ndi kontena yotsatira. Kontenayo inali isananyamuke nkomwe. Amalume anayenda ndi chitsulocho m'chikwama, kuchoka ku Mchinji boma mpaka ku Lilongwe, mpaka anapeza munthu wa makina osema zitsulo amene anakuza bowo kuti mulowe bering'i ya lole. Zonsezi zinatenga masiku khumi ndi limodzi. Mamembala ena anabwerera ku khasu, ena anadikira nkudzala mochedwa, ndipo alimi akunja kwa kalabu amene anali atalipiriratu anabwera kudzatenga ndalama zawo, ena ndi mawu osakhala bwino.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene anthu odana ndi zotchipa sakonda kuimva. Chikonzereni, pulawo ija sinavutenso. Chaka chotsatira anasinthiratu mabering'i ena awiri aja mu Julayi, ntchito isanayambe. Rija ija ndiye sinadwalepo mutu ndi tsiku limodzi lomwe, kupatula mano ake amene anatha nkuwotchereredwa zidutswa za sipuling'i ya galimoto pa tireding'i senta. Mukaphatikiza mtengo wogulira ndi wokonzetsera, kalabu sinafikebe pa mtengo wa pulawo yodula ija. Chimene anataya chenicheni si ndalama ya bering'i ayi. Ndi masiku khumi ndi limodzi aja.

Anzanga amene anakulira m'tauni mwina sangamvetse kulemera kwa masiku amenewa. Kwathu kuno mvula ndi ya nyengo imodzi, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo alangizi onse amanena chimodzimodzi: dzalani ndi mvula yoyamba yokwanira. Chimanga chodzalidwa mochedwa chimakumana ndi udzu utakula kale, nthaka itataya chonde china chimene chimabwera ndi mvula yoyamba, ndipo mvula ikadula msanga mu Malichi chimauma chisanakhwime. Thirakitala imene yaima mu Juni palibe amaidandaula. Imene yaima pa 20 Novembala ndiye kuti yaimitsa chakudya cha mabanja onse amene ali pamzere. Choncho ndikamawerengera mtengo wa chipangizo, ndimaika zinthu zitatu: ndalama yogulira, ndalama yokonzetsera, ndi masiku amene chidzakhale chili gone pa nthawi yolakwika. Chachitatuchi sichilembedwa pa lisiti, koma ndi chimene chimapweteka.

Tsono tinene zoona za amene amagula zipangizozi. Mabanja ambiri akumudzi m'Malawi muno amalima malo osakwana hekitala imodzi. Pulawo ya madisiki atatu imadula pafupifupi masentimita 80 m'lifupi. Thirakitala ikamayenda makilomita 5 pa ola, ndiye kuti pa ola limodzi yalima gawo la hekitala lokwana 0.4, ndipo mukachotsera nthawi yotembenuka kumapeto kwa munda, hekitala imodzi imatha m'maola atatu kapena anayi. Munthu wa hekitala imodzi akagula pulawo, yotchipa kaya yodula, ndiye kuti wagula chinthu chogwira ntchito theka la tsiku pa chaka chonse. Kwa iyeyo yankho ndi lachidule: musagule, lipirani wina akulimireni, kapena khalani ndi ng'ombe zanu ngati muli nazo.

Ogula enieni ndi makalabu ndi makopaletivi, alimi a mahekitala asanu mpaka makumi awiri a ku Kasungu, Mchinji, Dowa kapena Mzimba, apantchito amene alandira ndalama zopumira, ndi abale athu a ku Johannesburg amene amatumiza ndalama kuti kumudzi kuyambike kabizinesi. Pafupifupi onsewa amadalira kulimira anthu ena kuti ndalama ibwerere. Apa ndi pamene pagona vuto. Zipangizo zambiri zotchipa anazipangira ntchito yopepuka, munda waung'ono wofewa wopanda zitsa. Chikanakhala cholima munda wanu wokha wa maekala asanu, umene mukudziwa pamene pali chitsa ndi pamene pali mwala, chikanatha zaka zambiri chili bwino. Koma kuti chibweze ndalama chiyenera kulowa m'minda makumimakumi ya eni ake, ina yongothyoledwa kumene, zitsa za msuku ndi mombo zitabisala pansi, ina ya pachulu, ina ya makande olimba ngati simenti. Wogula chotchipa chifukwa chosowa ndalama ndi yemwenso amachigwiritsa ntchito yoposa mphamvu yake chifukwa chofuna ndalama.

Chinthu china chimene ndinasiya kunena ndi chakuti "zachitchaina", ngati kuti dzina la dziko likufotokoza zonse. Ku China amapanga madisiki abwino ndi oipa omwe, malinga ndi mtengo umene woitanitsa wavomera kulipira. Ku India ndi kumene kumachokera Mahindra, Sonalika ndi Fieldking, ndipo John Deere yemwe ali ndi fakitale ku Pune. Ma Massey Ferguson ambiri amene timawaona m'misewu yakumudzi anapangidwa ku Pakistan ndi kampani ya Millat. Pulawo za Baldan zimene anthu amazitama nazo nzochokera kunja, ku Brazil. Mwachidule, pafupifupi chilichonse chimene thirakitala imakoka m'dziko muno chinadutsa pa doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Kusiyana kwake sikuli pa mbendera. Kuli pakuti china chili ndi dzina la wopanga, bukhu la masipeya ndi munthu amene amasunga masipeyawo m'dziko muno, pamene china chinangobwera mu kontena imodzi ndi matayala a njinga zamoto ndi ma solar, ndipo woitanitsayo chaka chamawa adzakhala akugulitsa matailosi.

Ine zipangizozi ndimazigawa pawiri. Gulu loyamba ndi la zitsulo zosayenda, zimene ndi felemu ndi mano basi: rija, ripa yong'amba nthaka m'mizere yodzalamo, kalitiveta, ngolo yokokedwa ndi thirakitala, tsamba losalazira msewu. Izi zikathyoka zimathyoka moonekera, ndipo wowotcherera aliyense wa pa Kamwendo, pa Santhe kapena pa Jenda angazilumikize tsiku lomwelo ngati magetsi alipo. Pa gulu ili kugula chotchipa ndi nzeru, ndipo kulipira kawiri chifukwa cha dzina ndi kutaya ndalama imene ikanagula dizilo. Ndinganenenso kuti zina mwa izi sitiyenera nkuitanitsa komwe. Amisiri a ku Ndirande ndi a ku Kawale amene amapanga ngolo, mageti ndi zigayo za mtedza sangalephere felemu ya rija ngati mwawapatsa muyeso ndi chitsulo chokhuthala bwino. Anzathu a ku Zambia anapanga ripa yokokedwa ndi ng'ombe yotchedwa Magoye, dzina la malo a kafukufuku kumene inachokera, ndipo inafalikira m'maiko angapo chifukwa chakuti ndi chitsulo chosavuta kupanga ndi kukonza.

Gulu lachiwiri ndi la zimene zili ndi zozungulira m'kati: rotaveta, chotchetchera udzu, pulanta yodzalira ndi kuthira feteleza, chopopera mankhwala chokhala ndi pampu. Zambiri mwa izi zimatenga mphamvu ku shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala yotchedwa PTO, imene imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi, ndipo mphamvuyo imadutsa mu giyabokosi. Giya imodzi ikasweka mano, palibe kuwotcherera kumene kungathandize. Pamafunika giya yofanana ndendende, mano ake, kukula kwake ndi kulimba kwa chitsulo chake. Mnansi wa amalume anagula rotaveta yopanda dzina kuti azilimira anthu m'madimba. Inagwira ntchito milungu isanu. Lero nkhuku zimaikira mazira pansi pake. Pulanta nayo ili ndi msampha wake wachinsinsi: ikhoza kuyenda bwinobwino osathyoka, koma nkumadumpha mapando kapena kuswa mbewu, ndipo mudzazindikira pakatha masabata awiri mbewu zitamera mwa apo ndi apo. Pa gulu ili, ngati wogulitsa sangakuonetseni sipeya ili pa shelefu, m'manja mwanu, osati pa chithunzi cha mufoni, ndalama yanu bwererani nayo.

Pulawo ya madisiki ndi harrow zili pakati pa magulu awiriwa, ndipo ndi zimene anthu amagula kwambiri, choncho ndichedwepo pang'ono. Zilibe giyabokosi, koma moyo wake uli pa zinthu zitatu. Choyamba ndi kulemera. Pulawo ya madisiki imalowa m'nthaka makamaka chifukwa cha kulemera kwake, ndipo njira yachidule imene fakitale imatchipitsira katundu ndi kuchepetsa chitsulo. Matumba amchenga aja anali kubwezera makilogalamu amene fakitale inachotsa, koma felemu yopyapyala ikasenzetsedwa katundu wotere imayamba kupindika pang'onopang'ono. Funsani kulemera kwake m'makilogalamu, nkuyerekeza ndi yodula ija ya madisiki ofanana. Chachiwiri ndi disiki yeniyeniyo. Madisiki abwino amapangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi boron kapena manganese chowotchedwa bwino kuti chilimbe koma chisasweke. Ofewa amatha msanga m'dothi lamchenga, olimbitsitsa amang'aluka akagunda mwala. Ndi maso simungasiyanitse, koma mukhoza kuyeza kukhuthala kwake, ndiponso kuona ngati mabowo a mabawuti akugwirizana ndi madisiki a mainchesi 26 amene amapezeka kale m'masitolo a zaulimi. Akagwirizana, disiki ikatha mudzangogula ina yabwinopo. Chachitatu ndi bering'i. Mabering'i ali ndi manambala ofanana dziko lonse lapansi, moti nambala imodzi mukhoza kuipeza m'sitolo ya masipeya a malole ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Mzuzu. Pemphani kuti amasule chivundikiro chimodzi muone nambala. Akakana, kapena nambala palibe, mwadziwiratu kumene mudzakhale mu Novembala.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene anthu amadzatidziwa katundu atafika kale kumudzi. Zipangizo zimalumikizidwa ku thirakitala ndi mikono itatu, njira imene Harry Ferguson anailembetsa ku Britain mu 1926, ndipo mikonoyi ili m'magulu. Gulu loyamba mapini ake apansi ndi a mamilimita 22, gulu lachiwiri ndi a mamilimita 28. Zipangizo zambiri zotchipa nza gulu loyamba, za mathirakitala ang'onoang'ono, pamene Massey Ferguson 375 ya mahosipawa 75 ingathe kukoka zolemera kuposa pamenepo. Kuika kapaipi kuti pini ikwane ndi kosavuta. Chovuta nchakuti mwamangirira kachipangizo ka mwana ku chimphona, ndipo chikakodwa pa chitsa thirakitalayo siidzamva nkomwe pamene felemu ikung'ambika. Yang'ananinso pamutu pa mabawuti. Polembedwa 8.8 ndiye kuti ndi bawuti yolimba, polembedwa 4.6 kapena 4.8 ndi yofewa. Kusintha mabawuti onse a felemu ntchito isanayambe ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mungapulumutse. Koma chenjerani ndi bawuti imodzi ya pa shafiti ya PTO imene anaipanga dala kuti iziduka chipangizo chikagunda mwala. Madalaivala ambiri ikaduka kawiri amakwiya nkuikapo yolimba, ndipo ulendo wotsatira chimene chimaduka ndi giyabokosi. Zipangizo zina zimene timazinena kuti nzachabe zinaphedwa ndi manja athu, ndi girizi amene sitinapope, ndi dzuwa ndi mvula zimene tinazisiyamo chaka chonse.

Wina anganditsutse kuti, "Ngati zili choncho, boma lingoletsa zopanda dzinazi, a Malawi Bureau of Standards azibweza pa chipata." Ndinkaganiza choncho inenso mpaka nditawerenga za Bangladesh. Kumeneko boma linkaloleza mitundu yochepa yokha ya mainjini ndi makina olimira, imene akatswiri anaiyesa nkuivomereza, ndipo inali yodula. Mu 1988 madzi osefukira anapha ng'ombe zambiri zolimira, ndipo boma linachotsa malamulo amenewa pamodzi ndi msonkho wa mainjini ang'onoang'ono ndi timathirakitala ta matayala awiri. Makina otchipa a ku China analowa ambirimbiri. Akatswiri ankadandaula kuti sakhalitsa, ndipo sankanama. Koma alimi anagula, amakaniko anaphunzira kuwakonza m'mudzi uliwonse, ndipo m'tauni ya Bogra munadzuka timafakitale topanga masipeya ake. Lero gawo lalikulu la minda ya ku Bangladesh limalimidwa ndi makina, ndipo alimi ambiri alibe awoawo, amangolipira mnzawo amene ali nawo. Chimene chinasintha ulimi wa dziko lija si makina abwino kwambiri ayi, ndi makina amene munthu wamba akanatha kugula, ndipo anachuluka mpaka sipeya yake inayamba kupezeka ngati mchere.

Nkhani imeneyi imandiletsa kunyoza zotchipa, koma sindikufuna kuikokera kuno ndi makutu. Dziko la Bangladesh ndi lathyathyathya, dothi lake ndi lofewa la m'zigwa za mitsinje, ndipo amakolola kawiri kapena katatu pa chaka. Injini imodzi imalima, imapopa madzi, imapuntha mpunga, nthawi zina nkuikidwa m'bwato. Imabweza ndalama isanathe. Kuno malo ofanana ndi amenewo ndi masikimu a mpunga monga Limphasa ku Nkhata Bay, Hara ndi Wovwe ku Karonga, Domasi, Bwanje ndi Muona, ndipo kumeneko kathirakitala ka matayala awiri kali ndi tsogolo ndithu. Kumtunda kwa chimanga ndi fodya nyengo ndi imodzi ndipo dothi la Okutobala ndi mwala. Chinanso, phindu la ku Bangladesh linabwera chifukwa makina ambirimbiri anali a mitundu yochepa yofanana. Kwathu kuno woitanitsa aliyense amabweretsa mtundu wakewake, makumi awiri a uwu, khumi a uwo, ndipo palibe mtundu umene umachuluka mokwanira kuti munthu wa sitolo aone chifukwa chosungira masipeya ake. Ndiye ngati boma likufuna kuthandiza, lisaletse katundu. Lingolamula kuti woitanitsa zipangizo zokhala ndi giyabokosi abweretsenso masipeya ake mu kontena yomweyo, ndiponso kuti pa chipangizo chilichonse pakhale chikwangwani cha wopanga, kulemera kwake ndi manambala a mabering'i. Makopaletivi a m'boma limodzi nawo atagwirizana kugula mtundu umodzi, angakhale achita chinthu chachikulu kuposa kunenerera mtengo.

Nkhani ya masipeya yakula kwambiri chifukwa cha ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Aliyense amene anayesapo kuitanitsa katundu akudziwa kuti kupeza dolayo kubanki ndi nkhani ina. Zimenezi zimaluma mbali zonse ziwiri. Zimakankhira pulawo yodula kutali kwambiri ndi mlimi, moti malangizo akuti "sungani ndalama mudzagule yabwino" amakhala ngati nthabwala, chifukwa pamene mukusunga mtengo ukuthawa. Komanso zikutanthauza kuti sipeya imene kulibe m'dziko muno lero ikhoza kutenga miyezi. Ngakhale ogulitsa zodula nthawi zina mashelefu awo amakhala opanda kanthu, choncho funso lija la "ndionetseni sipeya" muziwafunsa iwonso. Dzina lotchuka lopanda sipeya ndi chimodzimodzi chopanda dzina, kungoti mwalipira zambiri.

Ena amati alimi angodikira mathirakitala a boma. Amene amanena zimenezi ayenera kuti anaiwala lipoti limene Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa mu 2016, lokhudza mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 amene anagulidwa ndi ngongole ya madola 50 miliyoni yochokera ku India. Cholinga chinali kuthandiza alimi ang'onoang'ono, koma ambiri mwa makinawo anagulitsidwa kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi ena otha kudzigulira okha, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku khothi la Supreme mu 2019. Ngongoleyo ndi yathu tonse. Alimi ngati amalume anaphunzirapo kuti makina amene adzalime m'munda mwawo ndi amene adzagule okha, ndi ndalama zimene ali nazo, ndipo sindingawadzudzule akamayang'ana chimene thumba lawo lingakwanitse.

Pali njira ina imene ndimaikonda kuposa zonse pamene ikupezeka: chakale chabwino. M'maesiteti a fodya amene anachepetsa ulimi ku Kasungu ndi ku Mchinji muli mapulawo ndi ma harrow a zaka makumi awiri kapena atatu, adzimbiri, atagona m'udzu. Felemu zake nzolemera, mabering'i ake ndi a manambala odziwika, ndipo amakaniko achikulire amazidziwa ngati zikhatho zawo. Kugula yotero nkuika madisiki ndi mabering'i atsopano nthawi zambiri kumakupatsani chipangizo cholimba kuposa chofiira chonyezimira chija. Kuipa kwake nkwakuti sizikhala pamalo amodzi, pamafunika kufunsafunsa, ndipo muyenera kupita ndi munthu wodziwa kuona felemu yopindika kapena yowotchereredwa mobisa. Komanso anthufe timakonda penti. Komiti ya kalabu ikabwera ndi chitsulo chadzimbiri, mamembala amayamba kunong'onezana kuti ndalama ina yadyedwa.

Ndikadakhala kuti ndikuyankhanso uthenga wa amalume uja lero, ndikanati rija gulani osaganiza kawiri. Pulawo gulaninso, koma mu Juni kapena Julayi, osati mvula ili pakhomo, ndipo pa ndalama imene mwapulumutsayo patulani gawo mugule mabering'i atatu abwino, mabawuti a 8.8 ndi chitini cha girizi. Imasuleni yonse isanalowe m'munda, muilimitse maekala angapo mu Ogasiti kuti chofuna kuthyoka chithyoke nthawi ikadalipo. Musalandire ndalama za alimi ambiri kuposa amene mungawalimire ngakhale mutataya sabata imodzi. Ndipo ngati ndalama yotsalayo siikukwana kuchita zonsezi, ndiye kuti pulawoyo simunaikwanitse, ngakhale mtengo wa pa chikwangwani mwaukwanitsa.

Sabata yatha amalume atumizanso zithunzi. Ulendo uno ndi pulanta ya mizere inayi, yobiriwira, m'sitolo ina. Akuti mamembala atopa ndi kudzala soya pamanja. Ndawapempha kuti asapereke kanthu mpaka nditatsekera, ndipo tagwirizana kuti tidzapita limodzi ndi dalaivala wa thirakitala, titanyamula sipanala, tepi yoyezera, ndi soya wokwana mbale imodzi woti tikathire m'pulantamo nkuzungulitsa tayala lake pamanja, tiwerenge njere zimene zikugwa ndi zimene zikusweka. Wogulitsa wauza amalume pafoni kuti zimenezo sizinachitikepo m'sitolo mwake, koma sanakane.